Zilonda za Nsomba Sazibisa

Mlimi wina anali ndi maiwe atatu a nsomba m'mbali mwa dambo. Pofuna kupulumutsa ndalama, anakagula ana a nsomba kwa asodzi a kumtsinje, n'kubwerekanso khoka kwa mnzake. Kuzizira kwa mwezi wa Juni kutafika, milamba inayamba kuyandama mofooka, ili ndi timadontho tofiira pakhungu. Posakhalitsa timadonthoto tinasanduka zilonda zakuya, mnofu uli poyera.

"Ndi katumbu ameneyu," anatero mkuluyo. Kwa mlangizi sanapiteko, poopa kuti amuletsa kugulitsa. Anakokolola zotsalazo usiku, kukagulitsa motchipa, madzi a m'dziwe n'kuwatsegulira kudambo. Khoka lija analibweza lisanaume. Safunsa anadya phula: nsomba zake zinatha, ndipo maiwe a anzake akumunsi anayambanso kununkha.

Chimene anachiyesa katumbu chinali matenda a EUS. Amayamba ndi chuku cha m'madzi chotchedwa Aphanomyces invadans, chimene chimaboola khungu n'kumamera mumnofu. Anaoneka koyamba ku Japan mu 1971, anafika mu mtsinje wa Zambezi cha m'ma 2006, ndipo mu 2020 anatsimikizika kuno ku Malawi, m'boma la Mchinji. Amayenda ndi madzi, maukonde onyowa ndi nsomba zamoyo, ndipo amakula mphamvu madzi akazizira.

Vuto n'lakuti maso okha sangagamule. Mabakiteriya, tizilombo toyamwa magazi ngakhale kukhulika ndi ukonde, zonsezi zimabweretsa zilonda zofanana. N'chifukwa chake akatswiri amadula kachidutswa ka mnofu m'mphepete mwa chilonda, n'kukaunika pa maikulosikopu ngati muli timinyewa ta chukucho. Palinso njira ya PCR, yomwe ija ankayezera Covid-19, imene imafufuza chibadwa cha chukucho ngakhale chitakhala chochepa kwambiri. Njira zofufuza chibadwazi ndi zimenenso zinaulula mu 2014 kachilombo ka TiLV, kamene kankapha nsomba za mtundu wa chambo ku Israel anthu osadziwa chikuzipha.

Komatu makina onsewa amadalira mlimi. Nsomba yoola siyezeka. Akatswiri amafuna yodwala koma ikadapuma, yoperekedwa msanga. Wobisa matenda amachedwetsa yankho kwa mudzi wonse.

EUS ilibe mankhwala ochiza nsomba zomwe zagwidwa kale. Chotheka n'kuitchinga. Gulani mbewu kwa oswetsa odziwika, ndipo nsomba zachilendo muyambe mwaziika padera. Khoka liziuma padzuwa lisanalowe dziwe lina. Zakufa zikwirireni kutali ndi madzi, musadye kapena kugulitsa. Dziwe lomwe munagwa matenda liumitseni, muthire laimu. Ndipo mukangoona kadontho kofiira pa nsomba imodzi yokha, tsekani potulukira madzi, muitane mlangizi wa za nsomba tsiku lomwelo.