PHUNZIRO LA MWEZI UNO: CIFUKWA NINJI KULEKA KACASU KULI KOBVUTA?

M'midzi mwathu muli anthu amene analumbira kawiri katatu kuti sadzamwanso kacasu, koma lisanathe sabata tiwapezanso ali pa botolo. Ife tiwaseka, ndi kuwayesa abodza. Tiyeni tiphunzire cimene ciwagwetsa.

1. Nchito ya mowa m'thupi. Mowa ufooketsa ubongo, nuugonetsa. Munthu akamwa masiku onse, ubongo wace uzolowera kulimbana nao, monga anyamata awiri okokana cingwe. Wina akataya cingwe mwadzidzidzi, mnzace agwa cagada. Momwemonso wakumwa akaleka kamodzi, ubongo utsala ulikukoka wokha, ndipo thupi lonse lisokonezeka.

2. Masiku owawa. Atapita maora 6 kufikira 24 cimwere, manja ayamba kunjenjemera, thukuta lituruka, mtima uthamanga, ndipo tulo sitibwera. Awa si matsire wamba. Tsiku loyamba kapena laciwiri ena akomoka, naphupha ngati wakhunyu. Tsiku lacitatu kapena lacinai ena abwebweta, naona njoka ndi tizirombo pakhoma pamene palibe kanthu. Madotolo aicha nthenda iyi delirium tremens, ndipo ikhoza kupha munthu akapanda kuthandizidwa. Si kulodzedwa ai.

3. Tidzacita ciani? Iye amene anamwa kwambiri zaka zambiri asaleke yekha m'nyumba mwace. Mupite naye ku cipatala, kumene adzampatsa mankhwala oletsa kukomoka, monga diazepam, ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Mwa ambiri manjenje atha pakutha sabata limodzi. Ku cipatala ca nthenda za maganizo ca ku Zomba, ndi ku St John of God ku Mzuzu, athandiza anthu otere.

4. Nkhondo yaitali. Manjenje atatha, cibaba citsala miyezi yambiri. Cidzuka tsiku la malipiro, pamaliro, ngakhale pakumva fungo la mowa panjira. Mu 1935, ku Akron m'dziko la America, amuna awiri olephera kuleka mowa, Bill Wilson ndi dotolo Bob Smith, anapeza kuti pakulimbikitsana anakhoza cimene yense payekha sanakhoze. Umo ndi m'mene linayambira bungwe la Alcoholics Anonymous. Makolo athu anadziwa comweco pamene anati mutu umodzi susenza denga.

Cifukwa cace, mbale akagwanso musamtaye. Mumfunse cimene cinamgwetsa, nimuyambe naye kaciwiri. Tsiku la malipiro muyende naye kufikira alowa m'nyumba mwace, pakuti mkazi ndi ana alikudikira ufa.

Mafunso: Kodi kuleka mowa mwadzidzidzi kuopsa bwanji? Nanga m'mudzi mwanu ndani alikumenya nkhondo iyi yekha, ndipo ndani mwa inu adzamcezera sabata lino?