Tsiku la Mvumbi

M'dziko lathu lino mvula imayamba cha mu Novembala ndi kuleka cha mu Epulo. Nthawi zina imagwa mosalekeza masiku awiri kapena atatu. Mvula yotere timaitcha mvumbi.

Loweruka lina m'mwezi wa Febuluwale kunacha ndi mvumbi m'mudzi wina wa kufupi ndi mtsinje wa Linthipe, m'boma la Dedza. Mavuto, mlongo wake Tiyamike ndi mng'ono wake Chimwemwe anatsala ndi agogo awo aakazi, pakuti makolo awo anali atapita kumaliro. Anawo anabindikira m'khitchini, ndipo posakhalitsa anatopa nako kukhala.

"Agogo, ndiloleni ndikaone madzi kumtsinje. Anzanga amakaima pagombe paja pali nthochi," anatero Mavuto.

"Iyayi, mdzukulu wanga," anayankha agogo. "Madzi osefukira amadya gombe chapansi, ndipo limagumuka munthu ataimapo. Khalani pompano. Manja muli nawo, zogwiritsa ntchito nazo zili m'nyumba muno."

Agogowo anali mmisiri woumba mbiya. Anatulutsa mtapo umene anaufunditsa masamba a nthochi kuti usaume, nagawirako Mavuto.

"Yamba wachotsa timiyala ndi mizu," anatero iwo. "Kenaka ukande dongolo mpaka lifewe ngati nsima. Ukatero uumbe thupi la ng'ombe, ndipo miyendo, linunda ndi nyanga uzichite kutsina kuchokera pathupi lomwelo. Zomata padera sizichedwa kugwa."

Tiyamike anapatsidwa chitsononkho. Anachiveka makoko a chimanga ngati chitenje, namanga m'chiuno ndi kansanza. Kumutu anaikako ndevu za chimanga kuti likhale tsitsi, ndipo maso anajambula ndi khala. Posachedwa anali atachibereka kumbuyo chidole chakecho.

Chimwemwe anafuna mpira. Agogo anatenga luzi la khonje nalipota pantchafu mpaka linasanduka chingwe. Kenaka anakulunga masamba ouma a nthochi, nauza mwanayo kuti agwire zolimba. Iwo anazengereza chingwe chija mopingasapingasa ngati ukonde, kufikira mpirawo unabulungira bwino.

Mavuto anatsiriza ng'ombe yake, ndipo inali yokongola. Koma pofuna kuti iume msanga, anaiika pafupi ndi mafuwa agogo asakuona. Patapita kanthawi panamveka kuti "thu!" Ng'ombe ija inali itang'aluka pamsana, mutu uli poteropo. Mnyamatayo analengeza misozi.

"Kuthamanga si kufika," anatero agogo akumwetulira. "Dongo laliwisi lili ndi madzi m'kati. Ukaliika pamoto, kunja kumauma msanga pamene m'kati mukali chinyezi, ndipo madziwo pofuna potulukira amaswa choumbacho. Ngakhale mbiya zanga ndimaziumika pamthunzi masiku ambiri ndisanaziotche. Umba ina."

Mavuto anapukuta misozi nayambanso. Ulendo uno anakanda dongo mofatsa, naumba ng'ombe ziwiri zamphongo. Anasema kagoli ka bango, ndipo agogo anamuthandiza kuumba ngolo ya mawilo awiri. Zonsezi anaziika pansanja, kutali ndi moto ndiponso kumene sikudontha.

Madzulo makolo awo anabwera atanyowa. Bambo awo anafotokoza kuti gombe lija pamaima anyamata linagumuka masana, ndipo nthochi zonse zinapita ndi madzi. Mwamwayi panalibe mwana aliyense pamalopo. Mavuto anayang'ana agogo ake, osanena kanthu.

Patatha masiku asanu ng'ombe zija zinauma popanda mng'alu. Mavuto anazimanga pagoli, ndipo ana a m'mudzimo anabwera kudzapempha kuti awaphunzitse.

Ntchito zamanja zimayamba ndi zinthu zazing'ono zotere. Ku Mua, m'boma lomwelo la Dedza, kuli malo otchedwa Kungoni amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1976. Kumeneko amisiri amasema zinthu zokongola zimene alendo ochokera kutali amagula. Mmisiri aliyense anayamba wakhala mwana wophunzira, wolakwitsa ndi kuyambanso. Mmera ndi poyamba.

Mawu oti muwadziwe

mvumbi: mvula yogwa nthawi yaitali osaleka
mtapo: dongo loumbira mbiya
linunda: chotupa cha pamsana pa ng'ombe, kufupi ndi khosi
mafuwa: miyala itatu yoterekapo mphika pamoto

Mafunso

1. Kodi Mavuto anafuna kupita kuti? Nanga agogo anamuletsa chifukwa chiyani?
2. Fotokozani zoyenera kuchita ndi dongo musanayambe kuumba.
3. Tchulani zinthu zinayi zimene Tiyamike anapangira chidole chake.
4. Nchifukwa ninji ng'ombe yoyamba ija inasweka?
5. Kodi mwambi wakuti "Kuthamanga si kufika" ukutiphunzitsa chiyani?

Ntchito

Pangani choseweretsa chimodzi pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka kwanu. Mubwere nacho kusukulu, ndipo mudzafotokozere anzanu m'mene munachipangira.