NYAMAKAZI SI YA OKALAMBA OKHA

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, pamene chisanu chakhwima ku Tsangano, ku Lizulu ndi ku Mlanda, pa mabenchi a zipatala za m'boma la Ntcheu sipasoŵa anthu odandaula za nyamakazi. Agogo amanena kuti maondo akukana kutsika chitunda. Mayi wolima mbatata ndi kabichi amanena kuti zala zake sizikugwiranso mpini wa khasu. Mwina pamzere womwewo pali mwana wa sukulu amene wabwera chobereka chifukwa bondo latupa. Onseŵa amatchula dzina limodzi, komatu matenda awo si amodzi, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Chisanu chimangochititsa kuti ululu umveke kwambiri, koma sindicho gwero la matendaŵa.

Phunziro la mwezi uno likufotokoza mitundu ya nyamakazi, zimene ofufuza a kuno ku Malaŵi ndi a maiko ena apeza, ndiponso njira imene mnyamata kapena mtsikana wa ku Ntcheu angatsate kuti adzagwire ntchito yofufuza matendaŵa.

KUPEREPESEKA NDI KUTUPA

Pamene mafupa aŵiri akumana, monga pa bondo, pa chigongono kapena pa chala, pamatchedwa pa mfundo. Nsonga za mafupawo zili ndi chichereŵechereŵe chosalala, ndipo mfundo yonse ndi yokutidwa ndi kathumba kamene kamatulutsa timadzi totelera.

Munthu akamakalamba, makamaka amene wakhala akusenza katundu wolemera kwa zaka zambiri, chichereŵechereŵe chija chimaperepeseka. Ululu wake umakula munthu akagwira ntchito, ndipo umachepa akapuma. Imeneyi ndiyo nyamakazi ya ukalamba.

Nyamakazi yotupitsa mfundo ndi yosiyana. Mfundo imatupa, imatentha, ndipo imauma kwambiri m'maŵa munthu akangodzuka, nthaŵi zina kwa ola lathunthu, kenaka n'kumamasuka pang'onopang'ono pamene wayamba kuyendayenda. Nyamakazi yotereyi imagwira ngakhale ana ndi anthu a msinkhu wobereka, ndipo ikalekereredwa imaononga mfundo mwakuti sizibwereranso mwakale. Paja akuluakulu amati madzi akatayika saoleka.

NYAMAKAZI YOPINDA ZALA

Mtundu wodziŵika kwambiri wa nyamakazi yotupitsa mfundo ndi umene madokotala amautcha rheumatoid arthritis. Dzinali analipereka ndi Dr. Alfred Garrod wa ku London m'chaka cha 1859. Matendaŵa amayamba pamene chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizirombo, chasokonezeka ndi kuyamba kumenyana ndi kathumba ka pa mfundo. Kaŵirikaŵiri amayambira m'zala ndi pamfundo ya dzanja, kumanja ndi kumanzere komwe. Sapatsirana, ndipo si kulodzedwa ayi. Kusuta fodya kumaonjezera mpata wakuti munthu aŵadwale. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaŵerengera kuti mu 2019 chiŵerengero cha odwala chinafika anthu 18 miliyoni. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 7 anali amayi.

Kale madokotala ambiri ankakhulupirira kuti matendaŵa sagwira kwenikweni anthu a mu Africa. Koma m'chaka cha 1975 ofufuza a ku South Africa anafalitsa zimene anapeza atapima anthu a kumudzi ku Phokeng ndi anthu a m'tauni ku Soweto. Matendaŵa anapezeka konsekonse, ngakhale kuti ku Soweto anali ochuluka ndi oononga kwambiri. Izi zinadziŵika chifukwa chakuti ofufuzawo anapita kumene anthu amakhala, m'malo modikira okhawo amene afika ku chipatala chachikulu.

Mankhwala nawonso anabwera ndi kafukufuku. Mu 1948 Dr. Philip Hench wa ku America anayesa mankhwala a cortisone pa odwala nyamakazi imeneyi, ndipo mu 1950 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi anzake aŵiri. Patapita nthaŵi zinaoneka kuti mankhwala a mtundu umenewu, monga prednisolone, akamwedwa kwa nthaŵi yaitali mopanda malangizo amafooketsa mafupa, amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso amachepetsa chitetezo cha m'thupi. M'zaka za m'ma 1980 madokotala anayamba kudalira methotrexate, amene amaletsa matenda kudya mfundo. Mankhwalaŵa amamwedwa kamodzi kokha pa sabata, osati tsiku ndi tsiku. Mphamvu yake imayamba kuoneka pakapita milungu ingapo, ndipo wodwala ayenera kumapimitsa magazi ndi kuleka moŵa. Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pakati, sayenera kuŵamwa.

Panado, Brufen ndi Indocid amene anthu amagula okha amangoziziritsa ululu, pamene matenda akupitirira kudya mfundo. Ndiponso Brufen ndi Indocid akamwedwa mopitirira muyeso amaboola zilonda m'mimba ndi kuononga impso.

MWANA WOTUPA MAONDO

Makolo ayenera kudziŵa kuti zilonda zapakhosi zimene zimaoneka zazing'ono zingathe kuononga mtima wa mwana. Pali majeremusi ena otchedwa streptococcus amene amayambitsa zilonda zapakhosi, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15. Zilondazo zikapanda kuchizidwa ndi penisilini, pakapita milungu iŵiri kapena itatu mwana angathe kutentha thupi ndi kutupa mfundo zikuluzikulu. Lero likutupa bondo, maŵa kakolo, mkuja chigongono. Kutupako kumatha, ndipo makolo amaganiza kuti mwana wachira. Koma matenda omwewo amakhala atakhudza zitseko za mu mtima zimene zimaongolera magazi. Akabweranso kachiŵiri ndi kachitatu, zitsekozo zimaonongeka, mwana amayamba phuma ndi kutupa miyendo, ndipo mtsikana wotere amadzakhala pa ngozi yaikulu pa nthaŵi ya uchembere.

Lipoti limene linatuluka mu 2016 linafotokoza za ana 1,450 a m'boma la Lilongwe amene anaunikidwa mtima ndi makina. Pa ana 100 alionse, oposa 3 anapezeka ndi zizindikiro za matenda a mtima ameneŵa, ngakhale kuti ankaoneka athanzi. Ku Uganda, ofufuza motsogozedwa ndi Dr. Andrea Beaton ndi Dr. Emmy Okello anatsatira ana oposa 800 otere kwa zaka ziŵiri. Theka la anawo ankabayidwa jekeseni wa penisilini pa milungu 4 iliyonse, theka lina ayi. Zotsatira zake, zimene zinalengezedwa mu 2021, zinaonetsa kuti matenda anakula mwa ana pafupifupi 8 pa 100 alionse osabayidwa, pamene mwa obayidwa sanakwane ndi mmodzi yemwe pa 100. Motero mwana amene adokotala amulembera jekeseni wa mwezi ndi mwezi asadumphitse, ngakhale kwa zaka zambiri, ngakhale pa nyengo yotanganidwa ya kumunda.

MAFINYA M'MFUNDO

Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, mwana n'kumalira akaikhudza kapena n'kuleka kugwedeza mkono kapena mwendo, mwina muli mafinya. Imeneyi ndi ngozi yofunika kuthamangira nayo ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti mafinya amaononga mfundo m'masiku oŵerengeka okha. Kutema mphini pamalo otupa kumangoloŵetsa majeremusi ena ndi kuchedwetsa chithandizo.

Pa nkhani imeneyi dziko la Malaŵi linaphunzitsako maiko ena. Mu 2002 madokotala a mafupa a ku Blantyre, mmodzi mwa iwo Prof. Chris Lavy, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana aang'ono 61 amene anali ndi mafinya m'pheŵa. Ana 31 anapopedwa mafinya ndi singano, ana 30 anachitidwa opaleshoni, ndipo onse analandira mankhwala opha majeremusi. Magulu onse aŵiri anachira mofanana. Anapezanso kuti majeremusi amene anachuluka mwa anaŵa anali a salmonella, osiyana ndi amene mabuku a ku Ulaya ankanena. Phindu lake n'lakuti chipatala cha pa boma chimene chilibe dokotala wamkulu wa opaleshoni chingathe kupulumutsa pheŵa la mwana ndi singano ndi mankhwala oyenera.

MITUNDU INA

Mu 1998 Dr. Panganani Njobvu ndi Dr. Paul McGill analemba za odwala ambiri otupa maondo ndi akakolo amene anaŵaona pa chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo ochuluka mwa iwo anali ndi kachirombo ka HIV. N'chifukwa chake munthu wotupa mfundo amapemphedwa kuyezetsa magazi, pakuti ma ARV amaperekedwa kwaulere m'zipatala za boma kuyambira 2004. Chifuwa chachikulu cha TB nachonso chimatha kuloŵa m'mafupa a msana, m'chiuno kapena m'bondo. Palinso matenda a gauti, amene amakonda kugwira chala chachikulu cha kuphazi usiku, makamaka mwa abambo okonda moŵa ndi nyama. Ngakhale udzudzu umabweretsa nyamakazi: kuyambira 1959 mpaka 1962 mliri wotchedwa o'nyong'nyong unachokera ku Uganda n'kufika kuno, ndipo m'maiko onse amene unadutsamo unagwira anthu pafupifupi 2 miliyoni. Umafalitsidwa ndi udzudzu womwewo wa malungo, kotero kugona m'neti kumateteza ku matenda onse aŵiri.

NTCHITO YA OFUFUZA

Zonse zimene zafotokozedwazi zinadziŵika chifukwa anthu ena anadzipereka kupima odwala, kulemba mosamala, kuŵerengera ndi kuyerekeza kwa zaka zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri a matenda a nyamakazi ndi ochepa kwambiri m'maiko a kuno, ndipo odwala ambiri amaonedwa ndi ma clinical officer, anamwino ndi madokotala a matenda osiyanasiyana. Tsono m'munda umenewu antchito akufunika.

Wophunzira amene akufuna ntchitoyi alimbikire masamu, Chingerezi ndi maphunziro a sayansi kuti adzakhoze bwino mayeso a MSCE. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Dokotala akatsiriza maphunziro oyamba ndi kugwira ntchito moyang'aniridwa, amatha kuphunziranso zaka zina za ukatswiri wa matenda a akuluakulu kapena a ana, ndipo pambuyo pake n'kukazama pa za nyamakazi m'maiko monga South Africa. Amene akufuna kufufuza amaphunziranso kayendetsedwe ka kafukufuku ndi kaŵerengedwe ka zotsatira, pa yunivesite kapena m'mabungwe monga Malawi-Liverpool-Wellcome, limene lakhala likugwira ntchito pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1995.

Komabe kafukufuku si wa madokotala okha. Amafuna anamwino, oyeza magazi, odziŵa za mankhwala, othandiza odwala kulimbitsa ziŵalo, akatswiri a masamu ndi a kompyuta, ndiponso anthu oyenda m'midzi odziŵa kuyankhula ndi mafumu ndi makolo mwaulemu. Ena mwa antchito otereŵa amaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Mutu umodzi susenza denga. Mlangizi wa zaumoyo wa ku Kasinje kapena ku Bilira amene amalemba bwino m'kaundula wake wayala kale maziko a kafukufuku. Boma la Ntcheu lili ndi mapiri ozizira a ku Tsangano ndi chigwa chotentha cha Bwanje, ndipo wofufuza wobadwira komweko angathe kuyerekeza odwala a madera aŵiriŵa, kuŵerenga ana amene amadwala zilonda zapakhosi pa chaka, ndi kupeza chimene chimalepheretsa mwana kufika pa tsiku la jekeseni.

UFULU WA WODWALA

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena komiti ya ku sukulu ya udokotala. Munthu akapemphedwa kuloŵa m'kafukufuku, ayenera kufotokozeredwa m'chinenero chake cholinga chake, ubwino ndi zovuta zake, asanasaine kapena kudinda chala. Ali ndi ufulu wofunsa mafunso, wokana, ndiponso wotuluka nthaŵi iliyonse, ndipo chithandizo chake cha kuchipatala sichichotsedwa chifukwa chokana. Dzina lake limasungidwa mwachinsinsi. Ngati ndi mwana, kholo kapena womulera ndiye amapereka chilolezo.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Mwana wa zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi apite naye ku chipatala, ndipo amalize mankhwala onse.

2. Mfundo imodzi yotupa mwadzidzidzi ndi yotentha ionedwe tsiku lomwelo. Pasatemedwe mphini.

3. Munthu amene zala zake zatupa ndi kuuma m'maŵa kwa milungu 6 afotokoze bwino kwa achipatala, kuti ngati n'kofunika amutumize ku chipatala cha pa boma ku Ntcheu kapena ku chipatala chachikulu.

4. Mankhwala a nyamakazi asagulidwe pa msika, ndipo wodwala asagaŵireko mnzake mankhwala ake.

5. Buku la kuchipatala lisungidwe pouma ndi kutengedwa ulendo uliwonse, pakuti ndimo mmene dokotala amaonera mmene matenda ayendera.

Abale a munthu wodwala nyamakazi asamunene kuti ndi waulesi akamachedwa kudzuka kapena akalephera kusinja. Amuthandize ntchito zolemera, amulimbikitse kuyendetsa ziŵalo pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo amuperekeze ku chipatala pa tsiku limene anauzidwa.