Pepala Loyenda M'malo mwa Ndalama

Anthu ambiri a ku Ntcheu, monga a ku Lizulu, Tsangano ndi Mlangeni, ali ndi agogo amene anakagwira ntchito ku migodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela. Munthu wotere sankalandira malipiro ake onse ali komweko ai. Gawo lina linkalembedwa m'mabuku, ndipo ankadzalandira atafika kuno kwathu, ataonetsa zikalata zake. Enanso ankatumizira akazi awo ndalama pa postal order. Kodi nzeru imeneyi, yoti pepala liyende m'malo mwa ndalama, inayambira kuti?

Tiyambe ndi dziko la China. Kalekale ndalama za kumeneko zinali za mkuwa, zoboola pakati, ndipo ankazitunga pa chingwe monga mikanda. Zinali zolemera kusenza, ndiponso achifwamba anali ambiri m'njira. Tsono cha m'ma 806, amalonda obwera kudzagulitsa katundu ku likulu la Chang'an anayamba kusiya ndalama zawo komweko ndi kulandira chikalata. Chikalatacho chinali cha zigawo ziwiri: china ankatenga mwini ndalama, china chinkatumizidwa ku chigawo cha kwawo. Zigawozo zikagwirizana, munthuyo ankapatsidwa ndalama zake. Anthu anazitcha "ndalama zouluka," ndipo m'chaka cha 812 boma linayamba kuyendetsa lokha ntchitoyi.

Aluya a ku Baghdad analinso ndi kalata yotere yotchedwa suftaja. Pambuyo pake amalonda a ku Italy anaikulitsa nzeruyi. Banki ya banja la Medici, imene inayamba ku Florence m'chaka cha 1397, inali ndi nthambi ku Rome, Bruges ndi London. Munthu ankapereka ndalama pa nthambi imodzi, nakalandira pa nthambi ina ndalama za dziko limene wafikamo.

Taonani chinthu chimodzi. Ndalama zenizenizo siziyenda ulendo uliwonse. Ngati wina ku Ntcheu atumiza ndalama ku Blantyre, ndipo wina ku Blantyre atumiza zofanana nazo ku Ntcheu, ofesi iliyonse ilipira ndi ndalama zimene yalandira, ndipo mabuku alingana. Zimene zimanyamulidwa ndi zotsala zokha. Motero pepala lili ndi mphamvu chifukwa wolilemba ndi wolipira akhulupirirana, ndipo onse awiri asunga mabuku oona.

Ulendo wa ku migodi unaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown. Unayambanso mu 1977 pa dzina la TEBA, nuthanso mu 1988. Koma nzeru ija sinathe. Nambala imene mwana wanu akutumizirani pa foni, kuti mukalandire ndalama za Mukuru kapena Mpamba, igwira ntchito ya chigawo chija cha chikalata cha ku China.

Chifukwa chake sungani bwino zikalata zonse za ndalama, pamalo posafika chiswe ndi mvula. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale anene kuti ndi wa ku ofesi. Amene ali ndi nambalayo ali ndi ndalama zanu.

Aphunzitsi angathe kufunsa ana mafunso awa:
1. Chifukwa ninji amalonda a ku China anasiya kusenza ndalama za mkuwa?
2. Ofesi yolipira idziwa bwanji kuti chikalata ndi choona?
3. Funsani agogo anu kuti ndalama zochokera ku migodi zinkafika bwanji kumudzi.