Posankhira mwana sukulu ya boma m'tauni: zoyenera ndi zosayenera

Mwezi wa Seputembala ukamayandikira, makolo a ku Ndirande, Bangwe, Kawale, Chinsapo ndi Area 25 amayamba kufunsana pampopi ndi m'minibasi kuti mwana akamulembetse kuti. Mayankho ake amakhala a mphekesera: yakutiyakuti imakhozetsa, inayo ndi ya ana opulupudza. Chiyambire 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, sukulu za m'tauni sizinapumepo. Zonse n'zodzaza. Komabe zimasiyana, ndipo kusiyanako mungakuone nokha mutapatula m'mawa umodzi.

Zoyenera: pitani tsiku wamba, pakati pa sabata, belu loyamba lisanalire. Imani pageti muone amene akuchedwa, ngati ali ana okha kapena ndi aphunzitsi omwe. Kenako fikirani ku ofesi, perekani moni kwa a hedi, nenani chimene mwadzera. A hedi amene sukulu yawo ikuyenda bwino sachita mantha kukuyendetsani.

Zosayenera: kuweruza sukulu patsiku lotsekera kapena tsiku limene kukubwera alendo, pamene bwalo lasesedwa ndipo miyala yapakidwa laimu. Ndiponso musalowe ngati wapolisi, n'kumajambula ana a eni pafoni kuti mukaike pa Facebook.

Zoyenera: pemphani kuona Sitandade 1 ndi 2. Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Mwana amene wadutsa makalasi awiriwa asanadziwe kuwerenga amangokwawa mpaka kutsogolo, chifukwa masamu, sayansi ndi zina zonse zimadzera m'kuwerenga. Mukaima pawindo mudzamva ana akuyankha pamodzi mokweza, mawu okoma ndithu, koma khutu lisakunamizeni. Yang'anani mwana wakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khoma: kodi ali ndi buku m'manja, kapena akungotsegula pakamwa potsatira anzake? Kuyambira 2016, pansi pa National Reading Programme, boma linagawa mabuku owerenga a Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi oyambirira. Funsani kumene ali mabukuwo. Buku lakuda ndi manja, lopindika m'makona, ndi umboni wabwino kuposa mulu wa mabuku oyera otsekeredwa m'kabati ya a hedi poopa kuti angang'ambike. Mukabwerera kunyumba, itanani mwana wa aneba wa Sitandade 3 wa pasukulu yomweyo, mumupatse pepala la sopo kapena tsamba la nyuzipepala, chinthu chimene sanaloweze. Akawerenga ziganizo ziwiri osakakamira, sukuluyo ikugwira ntchito. Tsegulaninso kope lake muone tsiku lomaliza limene mphunzitsi anachongamo.

Zosayenera: kukopeka ndi zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zokha, zija amamata pakhoma la ofesi bungwe la mayeso la MANEB likangotulutsa. N'zoona kuti kholo lililonse limalota mwana atasankhidwira ku Blantyre Secondary, Lilongwe Girls, Dedza kapena Mzuzu Government, koma malo kumeneko ndi ochepa, ndipo ambiri osankhidwa amapita ku masekondale oyendera a m'madera, ma CDSS. Chiwerengero cha okhoza chimabisanso zambiri. Funsani kuti chaka chatha mu Sitandade 7 munali ana angati, ndipo amene anafika polemba mayeso ndi angati. Sukulu ina imabweza ana ofooka kuti asaipitse mbiri. Ina imatchuka chifukwa cha ana obwereza kawiri kapena katatu pofuna sekondale yogonera komweko. Pena amene akukhozawo ndi aja makolo awo amalipira patitaimu masana, ndiye wopanda ndalama amangoperekeza anzake.

Zoyenera: werengani zipinda, osati aphunzitsi okha. Cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. M'tauni aphunzitsi sasowa kwenikweni monga kumudzi. Chimene chimasowa ndi zipinda. Choncho mupeza ana oposa 100 m'chipinda chimodzi ndi aphunzitsi awiri kapena atatu. Onani mmene akugawanirana ntchito. Pasukulu yabwino mmodzi akamaphunzitsa, mnzake amayenda pakati pa ana, kuchonga ndi kuthandiza otsalira. Pasukulu ina mnzakeyo amakhala pakhonde akucheza kapena akugulitsa zigege. Funsaninso ngati ana amalowa mosinthana, ena m'mawa ena cha kumasana, ndi maola amene mwana wanu adzakhaladi m'kalasi.

Zosayenera: kuthawa sukulu chifukwa chongoona kalasi ili pansi pa mtengo. Ine ndingasankhe mphunzitsi wakhama pamthunzi kusiyana ndi chipinda cha simenti chimene ana akungosokosera okha. Funso loyenera ndi lakuti mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi, anawo amapita kuti. Akakuuzani kuti amangowawerutsa, dziwani kuti teremu yachiwiri imathera m'njira.

Zoyenera: pitani kuchimbudzi. Inde, lowani ndithu, musangoloza patali. Muone ngati zitseko zilipo, ngati za atsikana zili padera, ngati pali madzi osamba m'manja. Tsegulani mpopi, pakuti sukulu zambiri zili ndi mipopi imene a Water Board anadula kalekale chifukwa cha ngongole. Mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kolera, ndipo matenda otere amayambira pa zinthu zomwezi. Ngati mwana wanu ndi mtsikana, funsani za gulu la amayi othandiza atsikana, la Mother Group, ndi chipinda chosinthira. Lero ali ndi zaka 6, koma adzatha msinkhu ali pasukulu yomweyo, ndipo atsikana ambiri amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa chosowa pobisala.

Zosayenera: kutengeka ndi penti ndi zithunzi zojambulidwa pakhoma loyang'ana kumsewu. Mpanda wokha ndiwo uli ndi phindu lenileni m'tauni, chifukwa sukulu yopanda mpanda imasanduka njira yachidule ya anthu opita kumsika ndi a kabaza.

Zoyenera: yendani wapansi njira imene mwana azidzera, pa nthawi imene azidzera. Muone msewu umene azidumpha ndi ngalande kapena mtsinje umene umadzaza mvula ikagwa, monga Nasolo ndi Mudi ku Blantyre.

Zosayenera: kutumiza mwana wa Sitandade 1 kutsidya la mzinda, minibasi ziwiri, pofuna dzina la sukulu. Amafika atatopa, ndipo ndalama ya thiransipoti ikatha pakati pa mwezi amakhala pakhomo.

Zoyenera: funsani za ndalama poyera. Chilichonse chimene akupemphani, kaya cha mlonda, kaya cha madzi, chikhale chogwirizana pamsonkhano wa makolo ndipo chikhale ndi risiti. Sukulu iliyonse ya boma imayenera kukhala ndi komiti yoyendetsa sukulu komanso bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), ndipo imalandira ndalama zotukulira sukulu zimene amati SIG. A hedi ena amamata pakhoma mmene ndalamazo zayendera. Mukaona pepala lotero, mwapeza sukulu ya anthu osabisa.

Zosayenera: kupereka kangachepe kuti mwana apeze malo kapena akwere kalasi. Mukatero mwagula mpando chabe, ndipo amene walandirayo adzabweranso.

Zoyenera: funsani ngati pali phala. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, limadyetsa ana phala la likuni m'sukulu zambiri, ndipo ophika ndi makolo odzipereka.

Zosayenera: kuyembekezera kuti aziphika ndi azimayi ena inu osaonekako, kapena kuleka kumupatsa mwana kanthu m'mawa podalira kapu imodzi ija.

Zoyenera: funsani ana eni ake, chifukwa sadziwa kukometsa. Afunseni chimene chimachitika munthu akachedwa kapena akalephera samu. Unduna wa zamaphunziro suloleza kukwapula ana, komabe ndodo sinatheretu m'makalasi, ndipo zilango zina, monga kukumba dzenje nthawi ya phunziro, zimangomulanda mwana tsiku. Pakakhala vuto yambani ndi mphunzitsi, kenako a hedi ndi a komiti, zikakanika pitani kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, ku ofesi yawo ya TDC ya dera lanu.

Zosayenera: kukalalatira mphunzitsi pamaso pa mwana wanu. Mphunzitsi amene akusamala ana 100 kuyambira m'mawa, malipiro ake osafika kumapeto a mwezi, mukamunyoza pagulu mwana wanuyo sadzamumveranso. Musamusamutsenso mwana chaka ndi chaka pongomva kuti kwina kuli bwino. Transifa iliyonse imamubweza m'mbuyo.

Mukasankha, kalembetseni msanga, ndipo a hedi akaitanitsa msonkhano wa makolo mukapezekeko. Abambo, uthengawu ndi wanunso: pamisonkhano imeneyi mabenchi amadzaza ndi azimayi okhaokha.