Ndiwo Zamasamba Chaka Chonse ku Hatcliffe: Dimba la Pakhomo ndi Pangano la Mlimi

Mau Oyamba

Hatcliffe ndi dera lokhala anthu ambiri kumpoto kwa mzinda wa Harare, m'mbali mwa msewu wopita ku Domboshava. Alimi a ku Domboshava amalima tomato ndi masamba ochuluka, koma zambiri mwa zokololazo zimangodutsa pa Hatcliffe kukatsitsidwa kumsika wa Mbare. Pamene zikubwerera ndi ogulitsa zimakhala zitafota, mtengo utakweranso. Mabungwe a WHO ndi FAO analangiza mu 2003 kuti munthu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku. Banja la m'tauni lingayandikire muyeso umenewu likaphatikiza njira ziwiri: dimba la pakhomo ndi pangano logula kwa mlimi wapafupi.

1. Dimba la Pakhomo

Malo ndi ochepa, choncho langizani mabedi osapitirira mita 1.2 m'lifupi kuti munthu afike pakati osaponda dothi. Athiremo kompositi kapena manyowa owolerana bwino.

Kovo ndiye msana wa dimba lotere. Amabzalidwa ndi mphukira zothyola kumtengo wake, ndipo amakololedwa miyezi yambiri popanda kugula mbewu. Repu ndi mpiru, umene Achishona amati tsunga, zimachita bwino m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. M'dzinja limbikitsani bonongwe, luni ndi nkhwani. Zotsala aziyanika kuti zikhale mfutso.

Vuto lalikulu ndi madzi. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba mu Novembala, zitsime zosazama zimaphwa. Aphimbire mabedi ndi udzu ndipo azithirira m'mawa kapena madzulo. Asagwiritse ntchito madzi otayika m'mipope ya zimbudzi, pakuti kolera wa 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe. M'miyezi yotenthayi dimba lokha silidyetsa banja, ndipo apa ndi pamene pangano limagwira ntchito.

2. Pangano la Mlimi ndi Mabanja

M'njira imeneyi mabanja amalipiriratu, ndipo mlimi amawabweretsera ndiwo sabata iliyonse. Inakhazikika ku Japan m'zaka za m'ma 1970 ndi dzina lakuti teikei, ndipo inafika ku United States mu 1986. Mlimi amapeza ndalama za mbewu ndi feteleza nthawi yabwino komanso msika wodalirika. Banja limadya ndiwo zothyoledwa tsiku lomwelo.

Poyambitsa pangano, mlangizi atsate izi:

(a) Ayambe ndi gulu lodziwana kale, monga la mukando, umene kwathu timati chiperegani. Mabanja khumi kapena makumi awiri ndi okwanira.

(b) Asankhe mlimi amene madzi ake saphwa mu Okutobala. Oimira gulu akaone okha dimbalo asanapereke ndalama.

(c) Pangano lilembedwe: mtundu wa ndiwo, kuchuluka kwa mipukutu, tsiku, malo olandirira, ndiponso wolipira thiransipoti.

(d) Poyamba alipire za mwezi umodzi wokha, ndipo atchule mtundu wa ndalama imene agwirizana.

(e) Mlimi aziyamba wadikira masiku olembedwa pa botolo la mankhwala asanakolole masamba opopera.

(f) Gulu lisaitanitse zimene lili nazo kale. Ngati m'makomo muli kovo, kwa mlimi litenge tomato, anyezi ndi kabichi.

3. Chenjezo

Ndalama zolipiriratu ndi thukuta la anthu osauka. Matalala, chisanu cha mu Juni ndi Julayi kapena tizirombo zingathe kuononga dimba la mlimi m'masiku owerengeka. Mfundo yakuti zikatero atani, kubweza ndalama kapena kuonjezera masabata, ikambidwe pamsonkhano woyamba, osati mavuto atagwa kale. Mlangizi asasunge ndalama za gulu. Ntchito yake ndi kuchitira umboni ndi kulangiza.

Ntchito ya Mlangizi

Yenderani makomo khumi m'dera lanu. Lembani zimene zabzalidwa, kumene madzi akuchokera, ndi miyezi imene banja limasowa ndiwo. Miyezi imeneyo ndiyo muyambe nayo pokambirana ndi mlimi.