MALINGA A NKHONDO

Mlendo wofika pa Boma la Lundazi amadabwa akaona nyumba yaikuru ya njerwa zootca, ya nsanja zozungulira, imene iima pafupi ndi damu. Maonekedwe ace ndi a linga la nkhondo, koma mfuti siinalirepo pa makoma ace. Anaimangitsa ndi Bwana D.C. Errol Button cakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, potsanzira malinga akale a ku Ulaya, kuti alendo azigonamo. Pambuyo pace inasanduka hotela.

Malinga enieni a dziko lino anali a mtundu wina. Angoni a Zwangendaba ataoloka Zambezi m'caka ca 1835, midzi yambiri ya Acewa ndi Atumbuka inasowa mtendere. Tsono anthu anazinga midzi yao ndi mipanda ya mitengo kapena makoma a dothi. Linga linapulumutsa anthu ambiri ku nthungo, koma linali ndi bvuto lace: minda inali kunja. Adani akakhala pafupi, anthu analephera kukalima, ndipo njala inalowa m'mudzi.

Azungu naonso anakhulupirira malinga. Itatha nkhondo yaikuru ya 1914 mpaka 1918, Afalansa anaopa kuti Ajeremani adzabweranso. Cifukwa cace m'caka ca 1930 anabvomereza ndalama zomangira mndandanda wa malinga a simenti ndi citsulo m'malire ao. Anaucha Maginot Line, potengera dzina la André Maginot, nduna ya za nkhondo.

Limodzi la malinga akuru koposa linali Hackenberg. Pamwamba pa phiri panaoneka timitu ta citsulo, m'mene munabisala mizinga. Zina zambiri zinali pansi pa nthaka: zipinda zogona asilikari pafupifupi 1,000, mophikira, cipatala, makina a magetsi, ndi njira zotalika mailosi 6 zonse pamodzi, m'mene kasitima kanayenda kunyamula zipolopolo.

Kodi malinga awa anapulumutsa dziko la France? Iai. M'mwezi wa May 1940 Ajeremani anangowalambalala. Anadzera ku Belgium ndi m'nkhalango ya Ardennes, kumene Afalansa anayesa kuti akasinja sangapite msanga, naoloka mtsinje wa Meuse pa Sedan. Pa 22 June 1940 dziko la France linagonja, ngakhale kuti asilikari ambiri anali cikhalire m'malinga ao, osagonjetsedwa. Zinafanana ndi munthu wotseka khomo la khola ndi mipiringidzo, fisi nalowera kuseri.

Patapita zaka, boma linaleka kugwiritsa nchito malinga ambiri. Ena anadzala madzi, ena anagulitsidwa. Koma anthu a m'midzi yoyandikana ndi Hackenberg anakana kuti linga lao lionongeke. Analikonza, ndipo m'caka ca 1975 analitsegulira alendo kuti likhale nyumba yosungiramo zinthu zakale za nkhondo. Ana a sukulu a ku France ndi a ku Germany, amene makolo ao anawomberana, tsopano amakwera kasitima komweko ndi kuona mizinga ija.

Malinga athu a mitengo anadyedwa ndi ciswe, ndipo makoma a dothi akutha ndi mvula ndi makasu. Mbiri yao yatsala m'kamwa mwa nkhalamba. Nkhalambazo zikapita osafunsidwa, mbiriyo idzapita nazo, ndipo ana a m'tsogolo sadzadziwa cimene makolo ananenera kuti nkhondo siimanga mudzi.

MAFUNSO

1. Kodi nyumba ya nsanja ya pa Lundazi anaimangira ciani?
2. Bvuto la anthu okhala m'linga linali lotani?
3. Fotokozani m'mene Ajeremani analambalalira Maginot Line.
4. Funsani akulu a kwanu ngati panali linga pafupi ndi mudzi wanu, ndipo mulembe zimene adzakuuzani.